Kodi Sukuluyi Analoleza Ndani?

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, zikwangwani zimamera m'tauni ngati bowa pachulu. Pamwamba pa golosale ku Limbe, kuseri kwa depoti ku Lilongwe, m'mphepete mwa msewu ku Mzuzu, paliponse pali koleji: ina ya kompyuta, ina ya zamagetsi, ina yosoka ndi kukonza tsitsi, inanso yolonjeza dipuloma pamiyezi isanu ndi umodzi basi. Kholo limene mwana wake sanapeze malo ku yunivesite limaima n'kuwerenga bwinobwino, kenaka limatumiza uthenga kumudzi kuti agulitse mbuzi ziwiri ndi matumba a chimanga, fizi ipezeke. Limafunsa za yunifolomu, limafunsa za malo ogona. Koma ndi makolo owerengeka amene amafunsa mwini sukulu kuti, "Kodi bambo, sukuluyi anakulolezani ndani?"

Funso limeneli si la dzulo kapena dzana. Lamveka m'dziko muno kwa zaka zoposa 100, kungoti ofunsa ndiwo akhala akusintha, aliyense ndi cholinga chake. Mtsamunda ankafunsa chifukwa cha mantha. Boma la chipani chimodzi silinkavutika n'kufunsa, poti pafupifupi zonse zinali m'manja mwake. Ife a lero tili ndi chifukwa china: ndalama za kholo ndi zaka za mwana, zomwe zikapita zapita. Tsono tiyeni titsate mapazi a chilolezo chimenechi, tione kumene chinachokera ndi amene chakhala chikuwatumikira.

Luso lisanakhale ndi pepala

Luso lamanja silinabwere pasitima ayi. Pomwe David Livingstone ankadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akuomba nsalu za thonje lawolawo ndi kusula makasu. Mnyamata ankaphunzira kuvukuta moto kwa malume ake, mtsikana kuumba mbiya kwa agogo ake, ndipo woyesa mayeso anali wogula. Khasu likathyoka pamzere woyamba, mudzi wonse unkadziwa dzina la wosula.

Chimene amishoni anabweretsa ndi sukulu, ndiko kuti luso lophunzitsidwa panthawi yoikika, ndi belu, ndi kaundula wa mayina. Ndipo tisaiwale, abale anga, kuti sukulu zonse zoyambazo zinali, m'kayankhulidwe ka lero, zapulaiveti. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, boma la Angerezi lisanakhazikike. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe alendo amachijambula mpaka lero, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi anthu akuno amene anaphunzira kuumba, kuotcha ndi kuyala njerwa pantchito pomwepo. Wowatsogolera wawo, mbusa David Clement Scott, nayenso sanapiteko ku sukulu ya zomangamanga. Pamalopo panalibe chiphaso ngakhale chimodzi. Zipupa zokha ndizo zakhala zikuwachitira umboni.

Ku mpoto, Dr Robert Laws anatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga ndi miyala, kusindikiza mabuku, kutumiza mauthenga pawaya ndi kusunga mabuku a ndalama. Pofika 1905 magetsi ochokera m'madzi a Manchewe anali atayaka pa Livingstonia. Wophunzira ankamangidwa ndi pangano la zaka zingapo, ndipo akamaliza ankanyamula kalata ya mishoni. Kalatayo inkatsegula zitseko mpaka ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Katanga chifukwa cha dzina lolembedwa pamwamba pake. Olemba ntchito ankadziwa kuti wochokera kwa Laws amagwira sowo mowongoka.

Nanga boma linali kuti? Linali ku Zomba, likutolera msonkho wa nyumba. Chithandizo chake choyamba pa maphunziro chinayamba cha m'ma 1907, ndipo chinali mapaundi 1,000 okha pachaka ogawana mamishoni onse. Wopereka zochepa chotere analibe pakamwa pofunsira zimene zinkachitika m'kalasi.

Chilolezo chibadwa ndi mantha

Zinthu zinasintha pamene munthu wakuda anati naye atsegule sukulu yake. Joseph Booth anali atayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi mu 1892, ndi maganizo oti mishoni izidziimira payokha ndi ntchito za manja ake. Wantchito wake wa m'nyumba, John Chilembwe, anapita naye ku America mu 1897, ndipo atabwerako mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Dzina lokhalo likunena kuti malowa anali a pemphero ndi ntchito pamodzi. Amayi ankaphunzira kusoka motsogozedwa ndi mayi Ida Chilembwe, abambo ankalima ndi kuumba njerwa, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa chinatha mu 1913. Mwini sukulu, aphunzitsi, ophunzira, onse anali akuda.

Izi sizinawakomere eni minda. Pa esiteti ya Bruce ku Magomero, William Jervis Livingstone ankatentha timatchalitchi tomwe anthu a Chilembwe ankamanga, timene tinkagwiranso ntchito ngati sukulu. Zimene zinachitika usiku wa pa 23 January 1915 tonse tikuzidziwa. Chimene ambiri sitikumbuka ndi chomwe chinaichitikira sukulu: asilikali anaphulitsa tchalitchi chija, mishoni inatsekedwa, ndipo inakhala chitsekedwere mpaka 1926 pomwe Dr Daniel Malekebu analoledwa kuitsegulanso. Zaka 11 zopanda belu ku Mbombwe! Kuyambira pamenepo Mwafirika aliyense wofuna kuyendetsa sukulu popanda mzungu pamwamba pake ankayang'anidwa ndi diso lokayika. Funso la bwana wa ku boma silinali loti ana akuphunzira bwino kapena ayi. Iye ankafuna kudziwa kuti akuwauza chiyani.

Mu 1924 kunabwera nthumwi za bungwe la ku America la Phelps-Stokes, motsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, ndipo m'gululo munali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast. Nthumwizi zinadzudzula boma posiyira amishoni katundu yense, ndipo zinalimbikitsa maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi: ulimi, ukhondo, ntchito zamanja. Zotsatira zake, mu 1926 boma linatsegula Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo mu 1927 linakhazikitsa lamulo loyamba la maphunziro. Amishoni anang'ung'udza kuti boma likulowerera kwambiri, mpaka lamulolo linalembedwanso mu 1930. Komabe mfundo imodzi inatsala ndipo ilipo mpaka lero: ukafuna ndalama za boma, tsegulira chitseko woyendera sukulu. Sukulu zimene sizinkalandira kanthu zinangotsala pazokha, azungu n'kumazinyoza kuti ndi sukulu zam'tchire.

Palinso chilonda china chimene nyengo imeneyi inatisiyira. Ophunzira a masiku amenewo, anthu ngati Levi Mumba ndi anzake a m'mabungwe a mbadwa, ankafuna masukulu a sekondale, ndipo ambiri ankakayika nawo maphunziro "oyenera Mwafirika". Ankaona kuti mwana wa mzungu akupatsidwa buku pomwe wawo akupatsidwa khasu. Sanalakwe kukayika, poti sekondale yoyamba inachita kudikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Koma kukayikako kunabala mwana woipa, ndiye maganizo oti ntchito yamanja ndi ya wolephera sukulu. Mpaka lero kholo limati "mwanayu sizinamuyendere, angopita ku zaukalipentala", ngati kuti likunena za maliro.

Nthawi ya Ngwazi

Ufulu utayandikira, lamulo la maphunziro la 1962 linaika sukulu pansi pa unduna, ndipo wofuna kutsegula yake ankayenera kuilembetsa kumeneko. Koma pa ntchito zamanja boma la Dr Kamuzu Banda linasankha kukhala mphunzitsi lokha. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965 ndi thandizo la dziko la America. Makoleji a ntchito zamanja, ena a boma ena a mipingo othandizidwa ndi boma, anafika asanu ndi awiri: Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Mnyamata wosankhidwa ankagawa zaka zake pakati pa kalasi ndi kampani yomwe yamutenga. Amene anaphunzirira pagalaja kapena pachimango ankapita ku Unduna wa Zantchito kukayesedwa mayeso a Trade Test, kuyambira giredi 3, kukwera 2, mpaka 1. Kumeneko sankafunsa kuti unaphunzira kwa yani. Ankakupatsa njerwa ndi levulo n'kuti, "Manga tione."

Kunalinso apayoniya, omwe anakhazikitsidwa mu 1963. M'malo awo ophunzitsira achinyamata ankaphunzira ulimi, kumanga ndi ukalipentala, ndipo ambiri anadyera luso limeneli moyo wawo wonse. Komatu malo omwewo ndiwo ankasula anthu ofunsa makhadi a chipani pamsika ndi pokwerera basi. Luso ndi mantha zinkaphikidwa mumphika umodzi. Asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993, mphikawo unasweka, ndiwo ndi nsuzi womwe n'kutayikira pansi.

Sukulu zapulaiveti zinalipo ndithu, makamaka timasukulu ta taipi ndi ulembi m'matauni. Atsikana ambiri amene anadzakhala masekilitale m'maofesi a boma ndi m'makampani anadutsa m'menemo. Chomwe chinkasunga ulemu wa timasukuluti ndi mayeso ochokera kunja, a Pitman ndi a City and Guilds. Woyendera weniweni anali envulopu yochokera ku England. Ophunzira akalephera zaka ziwiri zotsatizana, mbiri inkawanda, mipando n'kutsala yokha.

Tinene chilungamo: dongosolo la nthawi imeneyo linkatulutsa amisiri abwino, koma ochepa zedi. Khomo linali lolimba chifukwa linali laling'ono. Ndipo mtsogoleri yemweyo amene ankalalikira za ntchito zamanja kwa ana a anthu wamba, potsegula sukulu ya kumtima kwake ku Mtunthama mu 1981 anaikamo Chilatini ndi Chigiriki.

Chitseko chitseguka, ntchentche zilowa

Riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994 zinamasula pakamwa, zinamasulanso malonda. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mtsinje umenewu unayenera kufika kumunsi tsiku lina, ndipo kumunsiko makoleji a boma anali asanu ndi awiri omwe aja. Nthawi yomweyo kwacha inali itasiyidwa kuti idziyendere yokha pamsika, makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ndipo mafakitale amene kale ankatenga anyamata ophunzira ntchito anali kuchotsa ngakhale amisiri awo akale. Achinyamata ochuluka, malo ochepa, ulova pakhomo. Wamalonda wochenjera anaona msika.

Amene tinali ndi maso tinaona, ndipo amene anabadwa mochedwa afunse akulu awo. Chipinda chimene dzulo chinali malo omwera mowa, lero ndi koleji ya kompyuta: ophunzira odzaza mabenchi, kompyuta imodzi, nayonso yodikira magetsi. Umakaniko wophunzitsidwa ndi choko, injini yojambulidwa pabolodi, mwana n'kumaliza kosi asanadetsepo manja ndi girisi. Mphunzitsi amene iyenso anamaliza kosi yomweyo chaka chatha. Ndipo choopsa koposa, mwini sukulu wotolera ndalama za mayeso n'kusowa nazo, ophunzira n'kupeza loko pachitseko tsiku la mayeso. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chikwangwani chinkapakidwa penti yonyezimira kuposa zonse zimene zinali m'katimo.

Koma tisathire onse matope. M'nyengo yomweyi mipingo ndi mabungwe anatseka dzenje limene boma linalephera kutseka. Don Bosco ku Area 23 ku Lilongwe, Mikolongwe ku Chiradzulu, Phwezi ku Rumphi ndi ena otere aphunzitsa achinyamata ambirimbiri amene lero akudyetsa mabanja. Vuto linali loti kholo la ku Ntaja kapena ku Nthalire linalibe njira yosiyanitsira tirigu ndi namsongole. Onse anali ndi chikwangwani, onse anali ndi chidindo. Apa ndiye chilolezo chinasowadi, ndipo kusowa kwake kunapweteka osauka, poti wolemera amatha kufufuza kapena kulipira kachiwiri.

Lamulo la 1999

Nyumba ya Malamulo inayankha mu 1999 pokhazikitsa lamulo limene linabala bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja ndi zamalonda. Aka kanali koyamba kuti dziko lino likhale ndi bungwe limodzi loti sukulu ya luso, kaya ndi ya boma, ya mpingo kapena ya munthu payekha, ikalembetseko ndi kuyesedwa ndi muyeso wofanana. Oyendera amayenera kuona nyumba, zipangizo, maphunziro a aphunzitsi ndi zimene zikuphunzitsidwa. Wophunzira amakwera ndi masitepe, ndipo pa sitepe iliyonse amayenera kuonetsa kuti ntchitoyo angaichite ndi manja, osati kungoilongosola papepala. Ndalama zoyendetsera zonsezi zimachokera kwa olemba anthu ntchito, amene amapereka K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo. Mfundo yake n'njomveka: amene adzadyere luso, athandize kulisula.

Tikayerekeza ndi 1915, kusintha kwake n'kwakukulu. Chilolezo cha mtsamunda chinkateteza boma kwa mphunzitsi. Ichi cha 1999 chinalembedwa kuti chiteteze wophunzira kwa wamalonda.

Komabe lamulo ndi pepala, ndipo pepala silikwera njinga kupita kukaona sukulu. Kwa zaka zambiri pambuyo pa 1999 dziko limodzi lomweli linali ndi ziphaso zitatu za mmisiri mmodzi: Trade Test ya ku Unduna wa Zantchito, Malawi Craft ya ku MANEB, ndi chiphaso cha TEVET. Wolemba ntchito ankasokonezeka, wophunzira ankalipira mayeso kawiri katatu, mpaka boma linayamba kuziphatikiza m'zaka za m'ma 2010. Lamulo la 2011 linabweretsanso bungwe la NCHE loona za makoleji ndi mayunivesite, pomwe sukulu za unamwino zimayankha ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Zipata zikachuluka, mbala imadutsa pakati pa zipata. Sukulu imene yakanidwa uku imasintha dzina la kosi n'kunena kuti ife timayankha uko.

Pali chinanso choti tichinene poyera. Bungwe limodzi lomwelo limalandira ndalama za msonkho uja, limathandiza kulipirira maphunziro, limasankha ophunzira ena, ndiponso ndilo limayesa sukulu. Woimba wezulo akakhala ndi timu m'bwalo, ngakhale akhale woona mtima chotani, oonerera adzang'ung'udza basi. Ndipo nkhani zimamveka m'makwalala za eni sukulu obwereka makina osokera kwa atelala oyandikana nawo tsiku lobwera oyendera, madzulo n'kuwabweza. Woyendera wolengeza tsiku lobwera amaona chikondwerero, saona sukulu.

Mu 2015 boma la Pulezidenti Peter Mutharika linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga, ena mwa iwo m'nyumba zakale za apayoniya. N'chinthu chabwino. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka anali ana osafika zaka 18. Ngakhale boma litamanga koleji m'boma lililonse, silingawamalize onsewa. Sukulu zapulaiveti tikhala nazo, tifune tisafune. Nkhani yatsala ndi yoti tizikhala nazo bwanji.

Sukulu ya pansi pa mango

Tisanamalize, tikumbuke sukulu yaikulu koposa zonse m'Malawi, imene ilibe chikwangwani. Ili ku Ndirande pakati pa magalimoto ofa, ili ku Biwi, ili ku Mchesi pomwe akalipentala amapala matabwa m'mbali mwa msewu, ili pakhonde la sitolo iliyonse pomwe telala amapalasa Singer. Amalawi ambiri amene amadya ndi manja awo anaphunzira m'malo otere, kuyamba ndi kupatsira sipanala kapena kusesa utuchi. Aphunzitsi awo sangakwanitse kumanga makalasi kapena kulemba mafomu a Chingerezi. Chilolezo chikakhala chodula ndi chovuta, chimatsekera kunja anthu otere, n'kulowetsa wa jekete amene ali ndi ndalama zolembetsera koma sanagwirepo hamala. Mbombwe atiphunzitse: chiphaso chimatha kusanduka loko. N'chifukwa chake njira yoyesa munthu pa luso limene ali nalo kale, posafunsa kumene analitenga, ndi yofunika kuisamala ngati dzira. Ndi nzeru yomwe ija ya Trade Test, ndiponso ya makolo athu: manga tione, sula tione.

Tsono inu mayi, inu bambo, amene mwagwira kale ndalama za mbuzi m'manja, mbiri yonseyi ikukupatsani mafunso ochepa. Pepala lopachikidwa pakhoma mu ofesi ya mwini sukulu muliwerenge modekha, chifukwa nthawi zina limangokhala chiphaso cholembetsera bizinesi kapena laisensi ya khonsolo, zomwe ngakhale wogulitsa matemba mu okala angakhale nazo. Funsani chiphaso cha bungwe loona za maphunzirowo, muone ngati chikutchula kosi yomwe mwana wanu akufuna, ndiponso chaka chake. Funsani amene amayesa mayeso. Pemphani kulowa m'chipinda chogwirira ntchito tsiku wamba, muwerenge makina, muwerengenso ophunzira. Kenaka funsani kumene ali ana amene anamaliza chaka chatha. Mwini sukulu woona mtima adzakondwa nawo mafunsowa, mwina adzakuphikirani ndi tiyi. Winayo adzayamba kukuuzani kuti malo atsala awiri okha, lipirani lero.

Ndipo inu a boma, chidindo chanu chikakhala pakhoma la sukulu ndiye kuti mwalonjeza kholo losadziwa Chingerezi kuti munafika, munaona, ndipo mudzabweranso mosalengeza. Ngati galimoto yoyendera ilibe mafuta, musadinde. Safunsa anadya phula, inde, koma amene anafunsa n'kuonetsedwa chidindo chanu, akadya phula mlandu ndi wanu.